Mmene Ndinakatengera Bokosi Langa

Linali Lachitatu, nthawi itangokwana 6 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, patatha chaka mgodi wathu wa Kabwe utatsekedwa. Nthawiyo ndimaikumbukira chifukwa thupi langa linkadzukabe pa ola la lipenga la mgodi, ngakhale lipengalo linali litaleka kulira. Ndinali panja kusita thalauzi. Kopita ndinalibe, koma ndinkasita. Mkazi wanga anatuluka atagwira padzanja mwana wathu wotsiriza, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, nati, "Atate ake, taonani tsaya ili."

Linali lotupa pang'ono kumanzere. Ndinati ndi dzino. Kukiliniki nawonso anati ndi dzino, ndipo analizula. Dzino linapita, chotupa chinatsala, nkukula ngati tachipatsa malo. Pasanathe mwezi diso linayamba kutsekeka lokha, mano ena nkumagwedera. Anansi athu ku Makandanyama, kumene tinasamukira titatuluka m'nyumba ya kampani, anagawanika pawiri monga mwa nthawi zonse. Ena anati ndi fumbi la mtovu, ena anati pali dzanja la munthu. Mu Kabwe matenda onse amabadwa kwa makolo awiri amenewa.

Ndinagulitsa wailesi, tinapita kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Atamudula kanyama nkukapima, dokotala wina wamkazi, wa maso otopa, anandikhazika pansi.

"Bambo, iyi ndi khansa," anatero. "Koma mwa khansa za ana, iyi ndi imodzi imene imamva mankhwala. Imakula msanga, imasungunukanso msanga. Ambiri amene ayamba nthawi yabwino nkumaliza amachira. Sindikuti onse."

Anamuika diripi yoyamba. M'masiku ochepa chotupa chinaphwa moonekeratu, diso linatseguka. Dokotala anandichenjeza kuti msampha uli pamenepo. Makolo amaona nkhope yabwerera, nkuleka kubwera, ndipo matenda akabweranso amabwera atachenjera. Tinayenera kumabwerera mpaka mankhwala atatha, ndipo mankhwala amodzi tinayenera kugula tokha m'sitolo. Ulendo wachiwiri unali Lolemba la mlungu wachiwiri. Ndinafunsa mtengo wa zonse. Anautchula, ataona nkhope yanga anawonjeza kuti, "Zikuoneka zambiri. Koma maliro abwino amadya zoposa pamenepa."

Mwina iye ankangonditonthoza. Ine ndinawatenga mawuwo ngati masamu, chifukwa za maliro ndinali nazo kale.

Ndifotokoze. Mgodi unkatibereka, unkatidyetsa, unkatiikanso m'manda. Babu likapsa, kampani. Mpope ukadontha, kampani. Munthu akamwalira, bokosi linkachokera ku shopu ya akalipentala a mgodi, lole ya kampani nkubwera ndi nkhuni. Ine ndinkagwira m'chipinda cha nyali, kupereka nyali kwa otsika pansi ndi kuzilandira akatuluka. Atatichotsa ntchito, ndinaona kuti amuna anzanga sankaopa njala kwenikweni. Njala ankaidziwa kuchokera kumudzi. Chimene chinkawasowetsa tulo nkuganiza zoikidwa mu mphasa, atagwira ntchito zaka zonse zija atavala chisoti.

Choncho tinayambitsa bungwe la maliro, ambiri a ife ochokera kuchigawo cha kummawa, opemphera tchalitchi chimodzi. Katundu wa mgodi akugulitsidwa, mpaka matsache, ife tinagula matabwa. Mmodzi wa ife, kalipentala, anakhoma mabokosi, aakulu ndi aang'ono, tinawasanja m'galaja ya a tcheyamani ku Natuseko, mmene kale munkagona galimoto. Membala aliyense anali ndi lake, la mkazi wake ndi a ana. Mwezi ndi mwezi tinkasonkha ya lole, tenti, nkhuni ndi kabichi. M'tauni yonse, bungwe lathu ndi limene linkayenda bwino.

A tcheyamani anali Mngoni wamtali, kale kapitawo wa pansi, woimba besi mu kwaya. Nthawi yotseka mgodi iwo ndiwo ankatiimirira ku misonkhano ya anthu a masuti aja. Ndalama zathu sanabwere nazo, koma anabwera ndi chiyankhulo chawo. Kuyambira pamenepo chilichonse ankachifunsa kuti, "Phindu lake lili pati?" Anafunsapo zimenezi za galu wawo, galuyo nkuperekedwa kwa ena.

Lamlungu itatha Misa ndinavala tayi nkupita kukaonana ndi komiti. Tinakhala pa mabenchi, mabokosi ali kumbuyo kwathu. Ndinafotokoza mwachidule. Ndinapempha kuti bungwe lindipatse zimene likanawononga pa maliro a mwanayo, ndikagule mankhwala, maliro asachitike.

A tcheyamani anamvetsera atatseka maso. "Mphwanga," anatero, "kodi dokotala wakutsimikizira kuti achira?"

"Wati ambiri amachira."

"Ambiri. Ndiye kuti ena ayi."

"Ena ayi."

"Waona. Mankhwala atha kulephera. Maliro, chiyambire bungwe lino, sanalepherepo. Aliyense amene tinamutengera kumanda anakhala komweko."

A msungichuma, bambo wamfupi amene kale ankayeza miyala, anakweza dzanja. "Ndiwonjezepo, a tcheyamani. Tikapereka za mankhwala, mwana nkutisiya, Mulungu atiteteze, tidzaperekanso za maliro. Talipira kawiri munthu mmodzi. Izi nzimene zinagwetsa mgodi."

Wina anati anamuona mwanayo kutchalitchi, tsaya laphwa kale, nanga ndalama zina nzachiyani. Ndinafotokoza za msampha uja. Anagwedeza mitu mwaulemu. Sanali anthu oipa. Anali atatsala ndi chinthu chimodzi chimene palibe akanawalanda, ndipo ankachilondera.

A tcheyamani anandigwira paphewa. "Usadandaule. Zikavuta, sitidzakusiya. Lake lilipo, loyera, tinalipaka penti kawiri." Analoza kabokosi kamene kanali pamwamba pa enawo. Ndinakayang'ana. Kanali kokhomedwa bwino.

"Ndiye ndipatseni langa," ndinatero. "Ndikagulitse."

"Lako lili apo, palibe walikhudza. Koma lamulo ukulidziwa, unalivomera wekha. Bokosi limatuluka mtembo ukabwera."

Mlungu umenewo ndinayendera abale. Aliyense anadandaula nane mokwanira, ena anandiperekeza mpaka pamsewu. Msuweni wanga wa ku Nakoli, amene anali ndi kantini, anati katundu wamudyera ndalama zonse, koma chilichonse chikachitika ndimuuze msanga. Ndinamva chimene ankatanthauza. Kwathu kuno uthenga wa matenda umayenda wapansi, wa maliro umakwera basi.

Lachisanu madzulo ndinakhala pakhonde. Mpanda wathu tinkagawana ndi mayi wina wa Chibemba, wamasiye, wogulitsa zitumbuwa ndi tomato pamsika. Ife a kummawa ndi Abemba ndife ambuya. Makolo athu anamenyana kalekale, atatopa anagwirizana kuti azingotukwanana. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Maliro akagwa kwa ife, iwo ndiwo amaphika, amatunga madzi, amanyamula bokosi, kwinaku akutipaka ufa kumaso ndi kutilipiritsa m'mbale. Akagwa kwa iwo, timabweza. Mbuya anganene chilichonse, ndipo womukwiyira amasekedwa ndi mtundu wake womwe.

"Kapolo wanga," anandiitana pampanda, "nkhope yagwa bwanji? Mbewa zasowa pamsika?"

"Anyani anu atha, mwayamba kuyang'ana nkhope za anthu," ndinayankha, koma mawu analibe mphamvu, ndipo anamva. Anazungulira nkudzakhala pansi pafupi ndi mkazi wanga. Tinamuuza zonse.

"Ati mubweretse mtembo?" anafunsa. "Manje vuto ili pati? Mtembo ulipo. Tsiku lililonse ndiuona usita thalauzi."

Mkazi wanga sanaseke. "Mayi, tili ndi wodwala m'nyumba. Kusewera ndi imfa nkuiitana."

"Imfa iidziwa kale nyumba yanu, amake mwana. Sifunika kuitanidwa. Tiipatse mdala uyu acheze nayo pa Sande, mwana apite ku Lusaka."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinaphunzira mpaka Fomu 5. Pantchito sindinachedwepo, ndipo palibe munthu mu Kabwe anandionapo nditaledzera kapena malaya ali kunja kwa lamba. Ulemu umenewo ndi umene ndinatuluka nawo ku mgodi, ndipo unali usanandigulire kanthu. Mkati mwanayo ankatsokomola. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti mu wilibala yonyamulira mtemboyo ayalemo thumba, thalauzi ingade.

Lamlungu, itatha Misa, mtembo unakwera minibasi kupita ku Natuseko, nkulipira wokha. Pakona ya msika ndinapeza mbuya wanga ndi anzake, amayi a Chibemba odzaza bwalo, atamanga zitenje m'chiuno ngati opita kukagwira ntchito. Anandipaka ufa kumaso, m'tsitsi, mpaka m'makutu. Ndinagona mu wilibala, miyendo ili lende kutsogolo, manja pachifuwa. Wina anandikonza tayi.

Anayamba nyimbo ya maliro ya Chibemba, yeniyeni, ya mawu anayi, ndipo pakati pa ndime ankalira mondiyamikira. Ankati ndinali munthu wabwino ngakhale ndinali wa kummawa. Ankati mbewa za m'dziko lino zipuma. Wilibala inalibe girizi, inkalira nawo.

Anthu anatuluka m'nyumba. Maliro safuna kuitanira. Ndinkamva mapazi akuchuluka kumbuyo, ena akufunsa kuti wamwalira ndani, ena akuyankha kuti uja wa ku nyali. Mbale inkayenda, ndipo ndinkamva makobidi akugweramo. Dzanja la munthu wa kwathu likaona mbale ya maliro limalowa m'thumba lisanafunse mutu. Ena ankati akayandikira nkuona kuti ndikuphethira, ankaima kukamwa kuli yasa, koma kubweza dzanja m'mbale ya mbuya nkosatheka. Msuweni wanga wa kantini uja, amene anali kucheza kwa apongozi ake chapafupi, anafika akuthamanga, akulira mokweza, naponya ndalama yapepala. Kenaka tinayang'anana. Ndinatseka maso kuti ndimuchepetsere manyazi.

Komiti inali pa mabenchi ake pamene wilibala inaima pakhomo pa galaja. A tcheyamani anaimirira.

"Nchiyani ichi?"

"Tabweretsa mtembo, ba tcheyamani," anatero mbuya wanga. "Tipatseni bokosi, dzuwa ikutentha, uyamba kununkha."

"Mayi, munthu uyu ali moyo. Akupuma."

"Ni mphepo chabe yotsalira. Ndikufunseni. Apita ku ntchito?"

"Ayi."

"Alandira malipiro?"

"Palibe akulandira."

"Akalowa pa nyumba ya abale, amuona? Akakamba mu komiti yanu, amveka?" Anatembenukira khamu lija. "Uyu anafa tsiku imene mgodi unatseka. Tinachedwa chabe kumuika."

Anthu anaseka, ndipo amuna ena anaseka mosafika pamtima, chifukwa mafunsowo akanawayankha chimodzimodzi. A tcheyamani anayamba kunena za malamulo. Mayiyo anawadula.

"Imwe a Ngoni, kuyambira liti mudziwa za mitembo? Wanu akafa mukhala pa mpando kulira. Amene tiphika ndise, amene tinyamula ndise. Tikati uyu wafa, wafa. Mukakana, palibe kanthu. Koma tsiku yanu ikafika, ba tcheyamani, mukadziphikire kabichi mweka, mukadzinyamule mweka. Ise tizakhala pa mpanda kuonerera."

Amayi onse anavomera pamodzi. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. A tcheyamani anali akadali chiimire. Munthu amene anamanga moyo wake wonse wotsala pa maliro abwino anali kuona maliro ake opanda ambuya, opanda nyimbo, akazi a m'banja akudzitungira okha madzi. Kukwiya sakanatha, pamaso pa anthu onsewo.

Amene anawapulumutsa ndi a msungichuma. Milomo yawo inkayenda akuwerengera chamumtima, ndipo anakweza dzanja.

"A tcheyamani, tiyeni tione bwino. Munthuyu akafa mwa masiku onse, tipereka bokosi, lole, tenti, nkhuni, ndiwo za masiku atatu. Akafa lero, tipereka bokosi lokha. Lole safuna, wabwera ndi yake. Manda safuna. Chiyambire, sitinakhalepo ndi maliro otchipa chotere."

A tcheyamani anakhala pansi pang'onopang'ono. "Apa," anatero, "phindu likuoneka."

"Koma pali china," anapitiriza a msungichuma, ndipo tsopano sankayang'ana aliyense. "Wakufa sakhala membala. Akatuluka, atuluka ndi nyumba yake yonse. La mayi lichoka. Koyera kaja kachokanso. Mankhwala akakanika, asadzabwere kuno."

Imeneyi sinalinso nthabwala, ndipo aliyense anadziwa. Dokotala anali atanena kuti si onse. Ndinaganiza za mkazi wanga, ndi za mphasa.

"Wamva, mphwanga?" anafunsa a tcheyamani, mofatsa ndithu. "Ukuti bwanji?"

"Mtembo sukamba," anatero mbuya wanga, koma motsitsa mawu. Anandisiyira.

Ndinadzuka nkukhala tsonga mu wilibala, ufa ukugwa m'maso. "Chotsani," ndinatero.

Anatulutsa bokosi langa amuna anayi, mwaulemu wonse, mapazi kutsogolo monga mwa mwambo ngakhale munalibe mapazi. Tinalimangirira pa wilibala, ndipo ndinaikankha ndekha. Pafupi ndi chipatala panali misasa ya ogulitsa mabokosi, malonda okhawo amene ankakula mu Kabwe zaka zimenezo, ndipo sankatseka Lamlungu. Wogulitsa wina analigogoda, nalinunkhiza, nati matabwa a mgodi sapezekanso. Anafunsa ngati mwini wake sadzalifuna. Ndinati mwini wake ndine. Anandiyang'ana nkhope ya ufa ija, ndipo sanatsitse mtengo kwambiri.

Za m'mbale, mwa mwambo, nza ambuya. Anapatulako zogulira mowa wamasese woti atsukire kukhosi, zotsala mayi uja anazimanga pa nsonga ya chitenje nkukapatsa mkazi wanga. "Za basi," anatero. "Musamupatse uyu, akagula mbewa."

Madzulo ndinasamba kawiri, ufa sunathe m'makutu. Mwanayo anandiona ndikulowa, naseka mpaka kugwira tsaya. Katekisiti anatumiza mawu kuti zimene ndachita sizoyenera mkhristu, ndipo mwina sanalakwe.

Maulendo a ku Lusaka tinawamaliza onse. Tsitsi lake linathothoka, linameranso. M'chipinda cha odwala kuchipatala kuja munali ana ena a matenda omwewo amene anabwera kawiri, katatu, nkuleka kuoneka. Mankhwala sanawakane. Inawakana ndi basi, ndipo makolo awo analibe bokosi logulitsa. Wanga lero ndi mayi wa ana ake, amasoka zovala ku Nakoli, ndipo tsaya lakumanzere lili ndi kadzenje kamene amati anabadwa nako. A tcheyamani anatisiya patapita zaka. Maliro awo anayenda bwino kwambiri, lole inafika pa nthawi yake, ambuya anaphika. Ine ndinakhala kumbuyo ngati mlendo, mpaka mbuya wanga anandipeza ndi ufa m'manja nkulengeza kuti malemu abwera kudzalandira mnzawo. Mpaka lero a m'badwo wathu amandipatsa moni wa malemu, ndipo ndimayankha. Bokosi ndilibe.

Koma zonsezo zinali kutsogolo, ndipo usiku wa Lamlungu lija sitinkazidziwa. Lolemba ndinadzuka pa ola la lipenga. Sindinasite kanthu. Ndinaika ndalama m'sokosi, ndinabereka mwanayo ngakhale ankatha kuyenda, ndipo tinapita kumsewu waukulu kukadikira basi yoyamba ya ku Lusaka. Kondakitala anandiyang'ana m'khutu nkundifunsa ngati ndimagwira ntchito kuchigayo. Ndinati inde, nkumukhazika mwanayo pawindo.